Wanganso Unaleka

Mayi Halo anaweruka usiku, minibasi zitatha kale. Dzinali anamupatsa ndi anansi ake chifukwa cha ntchito yake yolandira mafoni a anthu ofuna ambulansi n'kusankha woyamba kumutumizira. Mnzake wodzamulandira ntchito anachedwa monga mwa chizolowezi, ndipo atafika sanapepese n'komwe. Mayi Halo anangouyatsa ulendo wapansi, akutukwana chamumtima.

Koma chimene chinkamudya kwenikweni sikunali kuchedwako. Madzulo amenewo kunaimba bambo wina, akuti mayi ake okalamba akubuula ndi m'mimba, asanza, thukuta lili kamukamu. Mayi Halo anafunsa mafunso a masiku onse. Akupuma? Eya. Akutaya magazi? Ayi. Akulankhula? Chapatali panamveka gogoyo mwiniwake: "Usawavutitse anthu ali pantchito, iwe, ndi mpweya chabe uwu." Okalamba ndi ulemu wawo, abale! Munthu akufa, koma nkhawa yake ili pakusavutitsa ena.

Ambulansi inali itapita kwina, choncho anawaika pamzere. Patapita kanthawi bambo uja anaimbanso, mtima uli m'malo: "Ululu waleka mwadzidzidzi, angogona." Lamulo la bwana wa ofesiyo linali lachidule: wodwala akati wapezako bwino, mchotseni pamzere, galimoto ipite kwa ena. Bwana woti chibadwire sanagwirepo pamimba pa wodwala! Mayi Halo anawachotsa, ngakhale mtima wake unkakana.

Tsopano ali m'njira yopita kwawo, anadutsa masitolo otseka, anadutsa nyumba zomaliza, n'kutsetsereka kulowera pamlatho pomwe magetsi anafa kalekale osakonzedwa. Agalu amene ankauwa kumbuyo anangoti zii. Mphepo inaima. Ndiye anaona munthu.

Anali mkulu wachikulire, atakhala m'mphepete mwa mlatho, atavala jekete lakuda, kachikwama kali pamiyendo ngati wapaulendo. Dzanja limodzi linali pamimba.

"Agogo, usiku uno mukutani pano?" anafunsa Mayi Halo.

"Ndikudikira galimoto, mwanangu. Anati ikubwera."

"Mukudwala?"

"Ayi... ululu waleka."

Asanasunthe, nkhalambayo inamugwira dzanja n'kuliika pamimba pake. Mayo! Pamimbapo panali gwaa ngati thabwa. Pozizira. Posayenda ndi mpweya.

"Wanganso unaleka," inatero nkhalambayo motsitsa mawu. "Chimodzimodzi ngati wa mayi uja."

Mayi uti? Iye sanauze munthu aliyense! Mayi Halo anasolola dzanja. Anathamanga. Nsapato imodzi inatsala. Atafika kutsidya anacheuka... pamlatho panalibe munthu.

Chimene chinamudzaza pachifuwa tsopano chinali ukali. Anatulutsa foni n'kuimbira mnzake wochedwa uja.

"Tumizani ambulansi kwa gogo wa m'mimba uja. Pompano!"

"Aaa, achemwali, si inu nomwe mwawachotsa? Lamulo likuti..."

"Lamulolo likagwere uko ndi mwini wake! Ululu wotere sungoleka wokha. Tumizani, kwa bwana ndikayankha ndine."

Mnzakeyo anagonja n'kuitumiza. Njira ya ambulansi inali yodzera pamlatho womwewo. Dalaivala wake, bambo waimvi amene anakalambira pantchitoyo, anamuona ataima wopanda nsapato imodzi, n'kumutsegulira chitseko osafunsa zambiri.

Anawapeza gogowo ali chigonere, milomo itatuwa, thupi lonse lili zii. Mwana wawo ankangonong'oneza kuti, "Musawadzutse, apumeko." Mayi Halo anawagwira pamimba: gwaa, ngati pa nkhalamba ya pamlatho. Koma awa ankapumabe, ngakhale mwapang'onopang'ono.

Kuchipatala sanawaimitse pamzere, anangowathamangitsira ku opaleshoni. Namwino amene anatuluka pambuyo pake anati thumbo linali litabooka, ndipo akanawasiya kuti kuwachere kunyumba, bwenzi akukamba za maliro. Bambo uja anangokhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira ngati mwana.

Dalaivala uja anadzipereka kumuperekeza Mayi Halo kwawo. Atayandikira mlatho anachepetsa liwiro, ngakhale pamsewu panalibe kanthu. Mayi Halo analimba mtima.

"Achimwene, pobwera paja simunaone agogo ena atakhala apa?"

"Ajekete lakuda? Kachikwama pamiyendo?"

"Omwewo!"

Dalaivalayo anausa moyo. "Ankakhala okha, kumtunda uko kumene galimoto sifika. Atapempha ambulansi, anadzikoka ndi m'mimba mwawomo mpaka pano kuti atichingamire. Ofesi yanu itawaimbira kuti imve za ululu, iwo anayankha mwaulemu kuti waleka. Basi, ife anatibweza tili m'njira, ati tipite kwina. Agogowo palibe anawauza n'komwe kuti tabwerera. Anthu opita kuntchito m'mawa anawapeza atauma, akuyang'anabe kumsewu."

"Zachitika liti zimenezi?"

"Ndinali ndisanamere imvi, mayi. Mabwana asintha kangapo muofesi mwanumo, koma lamulo lijalo palibe analikhudza."