Msampha wa Petronela ku Bangwe

Madzulo amenewo magetsi anali atathima ku Bangwe, monga mwa masiku onse. Petronela anafika kuchokera ku labu ali ndi kamsampha m'chikwama. Ntchito yake inali yopera tintchentche toluma usiku, tating'ono kuposa udzudzu, tija timasiyira anthu zilonda zosapola. Mitundu yake imafanana ngati mapasa, maso sangaisiyanitse. Ndiye amatipera, n'kutulutsa DNA, makina n'kunena kuti aka n'koopsa, aka ayi. Ngakhale magazi amene kachilomboko kayamwa, makinawo amaulula mwini wake.

Koma msamphawu sanautengere za ofesi ayi. Mwana wake Onesimo anali ndi chilonda patsaya chokana mankhwala onse, ndipo mayiyu mtima unali m'mwamba. Anaukoleka mumtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, n'kuyatsa kanyali kake kokopa tizilombo.

Atagoneka mwana, anatuluka kukasuzumira.

Pansi pa kanyaliko panali munthu. Atanyonyomala, atamufulatira. Tintchentche tinali titamuunjirira m'khosi ndi m'mikono, bii! Iye osatiingitsa, osadzikanda. Abale, munthu wanji wolumidwa chonchija n'kungokhala phee?

"Ndani inu?"

Petronela anakweza mawu.

"Ndikuwatu kuti wakuba!"

Munthu uja anatsokomola. Chifuwa chouma, chokoka, chothera m'kalikhweru. Chifuwa chimenecho Petronela ankachidziwa bwino. Anachimvera miyezi yambiri kwa mlongo wake Laurenti, mpaka tsiku limene anakamuika kumudzi ku Chikwawa. Anathawira m'nyumba, n'kukhoma chitseko, n'kugwira kolona mpaka mbandakucha.

Kutacha, pansi pa mtengo panalibe ngakhale phazi. Koma msampha unali utadzaza, tintchentche mimba zili psuu ndi magazi.

Sanauze munthu. Wa ku labu azikamba za mizukwa? Akanamuseka mpaka ku Limbe. Anadziuza kuti chinali chidakwa chosochera, n'kukapereka tizilomboto kwa Hussain, mnzake woyendetsa makina.

Patapita masiku, Hussain anamuitanira pambali, nkhope ili yosasangalala.

"Asisi, timeneti mwatitenga kuti? Mtunduwu ndi woopsa uja, wa kuchigwa kotentha. Kuno kumapiri sindinaugwirepo."

"Nanga magaziwo?"

"Apo ndiye pandizunguza mutu. DNA ya tonse ogwira ntchito muno timaisunga, mukudziwa, kuti tizigwira wodetsa sampulo. Itafanana ndi yanu ndinati mwakhudza ndi manja. Ndabwereza ndekha. Si inu. Ndi anthu awiri, onse aamuna. Wina ndi mwana wanu. Winayo ndi wa bere limodzi ndi inu." Anamuyang'anitsitsa. "Achimwene anuwo athamangire kuchipatala. Tintchentcheti tinawaluma usiku womwewo, ndipo magazi awo sakuoneka bwino."

Petronela mlongo anali naye mmodzi yekha, malemu Laurenti.

Anasiya chikwama pomwepo, n'kuthamanga kukakwera minibasi. Minibasi nayo, ngati dala, inkaima paliponse, kondakitala akukokerera anthu. Iye ankangopemphera chamumtima. Pofika ku Bangwe dzuwa linali litalowa.

Mayi Helena, aneba amene ankamusungira mwana akaweruka kusukulu, anali pakhonde akusankha nyemba. Anali achilendo pamalopo, za maliro a ku Chikwawa sankazidziwa.

"Onesimo ali kuti?"

"Iii, simunakumane nawo panjira? Amalume ake amutenga posachedwapa. Ati chilondacho mankhwala ake ali kumudzi."

"Amalume ake ati?"

"Aatali, owonda, otsokomola aja. Mwana anawathamangira yekha, kuwakumbatira." Mayi Helena anaika lichero pansi ataona nkhope ya Petronela. "Nanga ine ndikanatani, mayi a Onesimo? Kwathu malume akabwera kudzatenga mwana wa mlongo wake, sitimukaniza."

Petronela anathamangira kumsewu akukuwa dzina la mwana wake. Anthu anatuluka m'nyumba ndi matochi a pafoni, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kolowera awiriwo.