Duwa Lodzukanso la Mayi Telala

Katundu wabwino akatchipa kwambiri, dziwani kuti wolipira alipo, kungoti sanauzidwe. Mayi Telala anagula tsinde lonse la maluwa pamtengo wa singano imodzi. Anali maluwa ofiirira, masamba ogwera pansi ngati siketi, pakati pali kamutu kaminga.

"Awa sabzalidwa kawiri, amayi," anatero wogulitsa mbande. "Akauma nthawi yozizira musadandaule, amadzukanso. Tsinde likakula, muzigawirako anzanu. Lamulo n'lomwelo."

Kugawa zaulere n'kutchuka kosavuta. Chaka chachitatu anang'amba tsinde, napatsa mkazi wa kalipentala. Maluwa atamasula kumeneko, kalipentala anagwera pathabwa osadzukanso. Aphunzitsi analandira chigawo chawo, mwezi womasula maluwa anaika mlongo wawo m'manda.

Madzulo ena akuthirira, Mayi Telala anamva timitu taminga tikukukuta ngati mano, mphepo kulibe. Dothi linkanunkha ngati chipinda cha wodwala.

"Bambo a ana, mwamva?"

"Ndamva zina," anatero mwamuna wawo motsitsa mawu. "Kuchigayo akuti maliro akutsata khasu lako."

"Ine mfiti?"

"Sindinatero. Koma ndani wabweretsa nsalu yoti usoke mwezi uno?"

Mayi Telala anakafunafuna wogulitsa mbande uja. Pamalo pake anapeza wokonza njinga, yemwe analumbira kuti wakhala pomwepo zaka khumi.

Tsiku lomwelo mlamu wawo anabwera kudzapempha chigawo.

"Mukundimana udzu, alamu?"

"Kabzaleni wanu."

Mlamu atachoka akutukwana, Mayi Telala anazula tsinde lonse. Mizu inatuluka yofunda ngati dzanja la munthu. Anaiduladula ndi chikwanje, nakwirira zidutswazo kuseri kwa nyumba, napondaponda. Mtima unakhala pansi.

Wolima maluwa aliyense akanawauza kuti kudula muzu wa duwa limeneli n'kubzala. Anali atagawanso, koma ulendo uno pabwalo pawo pomwe, pomwe ankakhala iwo, mwamuna ndi ana anayi.

Mvula yoyamba itagwa, mwamuna anawaitanira kuseri. Mphukira zinali zitatuluka.

"Werenga."

"Zisanu."

"M'nyumba muno tilimo angati?"

Mayi Telala anagwada, nafukula dothi ndi zala, kufunafuna mphukira yachisanu ndi chimodzi. Panalibe. Anapemphera kuti imodzi mwa zisanuzo ikhale yawo.

Pomwe maluwa ankauma chaka chimenecho, Mayi Telala ankaphika chakudya cha munthu mmodzi.