Mzere wa Tembwe-1

Wilfred anakhoma chitseko cha kachipinda ka kuseri kwa sukulu ku Tembwe teni koloko ya usiku itadutsa kale. Sanakonze zochedwa chonchi. Ntchito imene ankati itha dzuwa lisanalowe inakoka chifukwa netiweki inkangoduka, ndipo njinga yake yamoto inali itaphwa tayala masana. Kunyumba za kuchipatala, kumene namwino wina dzina lake Hellen anamusungira malo ogona, kunali mtunda wa ola limodzi wapansi.

Ntchito ya Wilfred inali yoyang'anira manodi. Bungwe limene ankaligwirira ntchito linkasunga mafayilo a masukulu ndi magulu a alimi, koma silinkawaika malo amodzi. Fayilo iliyonse inkadulidwa tizidutswa, tizidutswato nkumwazidwa m'timakina ting'onoting'ono toyendera sola, kena ku Chikwa, kena ku Chifunda, kena kwina. Kamakina kalikonse ndiye nodi. Pa laputopu ya Wilfred panali sikirini yakuda yokhala ndi mizere ya zilembo zokhazokha, nodi iliyonse mzere wake. Mzere ukakhala wobiriwira, nodi ili moyo. Ukafiira, yazima. Zaka zisanu ankayang'ana mizereyo ali pa mpando wofewa ku Lusaka, asanamutumize ku Chama. Ku Tembwe kuno kanali koyamba kupondako.

Nodi ya pasukulupo, imene pa sikirini inkatchedwa tembwe-1, inali itakalamba. Tsiku limenelo anasamutsira tizidutswa take tonse ku manodi ena, anaizula ku magetsi, nkuiika m'chikwama pamodzi ndi laputopu. Kenaka anayatsa tochi ya pafoni nkuuyamba ulendo.

Unali mwezi wa Okutobala. Ngakhale usiku, nthaka inkatulutsabe kutentha kwa masana, ndipo mitengo ya mopane inali mbee, yopanda tsamba. Aphunzitsi anali atamuchenjeza za njovu, choncho makutu ake anali ku tchire. Nchifukwa chake anachedwa kumva mapazi a kumbuyo kwake.

Tchapu... tchapu... tchapu...

Anaima. Mapaziwo anaimanso. Atatembenuka, tochi inagwira munthu wamtali, woonda, wovala majombo ndi jekete la mvula. M'manja munthuyo analibe kanthu.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero Wilfred.

"Ndimwe ba Wilfred," munthuyo anayankha. Sikunali kufunsa. "Mawu anu niwadziwa."

"Tinakumanapo?"

"Pa foni chabe. Ndine Jackson."

Mtima wa Wilfred unakhala pansi. Jackson! Uyu ndi amene kale ankasamalira nodi ya pasukulu, kupukuta fumbi pa sola ndi kuiyatsa ikazima. Ankaimbirana pafupipafupi, koma nkhope sanaonanepo. Kenaka, zaka zinayi zapitazo, pa ndandanda wa osamalira panabwera dzina lina. Wilfred anafufuta nambala yakale nkulemba yatsopano. Sanafunse chifukwa chake. Osamalira ankasinthasintha, ena kupita ku Lundazi, ena kukalima fodya.

"Aa, ba Jackson! Munasowatu. Tiyendere limodzi, ine njovu zikundiopsa."

Jackson sanaseke. Ankayenda kumbuyo pang'ono, kumanzere, ndipo Wilfred akachepetsa liwiro kuti alingane, iyenso ankachepetsa.

"Inayaka, ba Wilfred?"

"Chiyani?"

"Nodi. Ninaiyatsa. Munaona?"

 Wilfred anakumbukira usiku wina wa mu Febuluwale, mvula ikugwa dziko lonse. Mizere yonse inali yobiriwira kupatula wa tembwe-1, ndipo m'mawa mwake akuluakulu ankabwera kudzaona sikiriniyo. Anaimbira Jackson. Jackson anati kukugwa chimvula, apita kukacha. Wilfred anaimbanso. Kachitatu analankhula mokweza mawu, nanena kuti ofuna ntchitoyo alipo ambiri. Cha m'ma wani koloko mzere unasanduka wobiriwira, iye nkutseka laputopu, nkukagona. Sanatumize ngakhale zikomo.

Ndipo chimene ankachidziwa bwino, kuposa wina aliyense, chinali ichi: nodi imodzi ikazima palibe chimatayika. Tizidutswa take timakhalanso kwina. Ikanagona yozima sabata yathunthu, fayilo ngakhale imodzi sikanasowa. Iye ankangofuna sikirini yooneka bwino.

"Inayaka," anatero motsitsa. "Munagwira ntchito. Pepani kuti usiku uja ndinakukalipirani."

Tchapu... tchapu...

Apa mpamene anazindikira. Majombo ankalira madzi. Okutobala! Mvula yomaliza inagwa mu Epulo. Anatsitsa tochi pansi mwakabisira. M'fumbi munali mapazi ake okha, koma pambali pake panali madontho akuda, mzere wautali kubwerera kumene anachokera.

Anayamba kufulumira. Fungo la matope linamupeza. Fungo la mtsinje wosefukira.

Kutsogolo kunaoneka kamlatho ka simenti. Pansi pake panali mchenga wokhawokha, wouma gwa. Wilfred anaponda pa mlathowo, nayenda mpaka pakati. Mapazi aja sanamutsatire.

"Apa panalibe mlatho," anatero Jackson ali kutsidya. Mawu ake anali ofatsa, ngati munthu wofotokoza njira. "Popita madzi anali m'chiuno. Pobwerera..."

Sanamalize.

"Ba Jackson, tiyeni."

"Yang'anani kaye, bwana. Manje ili bwanji? Nifuna kudziwa ngati ikali yoyaka."

M'chikwama munalira kabelu. Ti! Kabelu ka laputopu, kamene kamalira mzere ukasintha mtundu. Laputopu anali ataithimitsa yekha. Ankakumbukira bwino. Anagwada pa simenti, natsegula zipi. Sikirini inali yoyaka. Mizere yonse inalipo, Chikwa, Chifunda, yonse. Ndipo pakati pawo...

Tembwe-1. Wobiriwira!

Nodiyo inali pomwepo, pa bondo pake, chingwe chake chitakulungidwa. Yozizira. Yonyowa!

"Ndi yoyaka," ananong'ona. Kenaka anakuwa. "Ndi yoyaka, ba Jackson! Ndi yobiriwira!"

"Zikomo," mawu anatero. "Manje ningapite kunyumba. Damaris anidikira."

Wilfred anakweza tochi. Kutsidya kunalibe munthu. Mseu wokha, ndi mitengo. Pansi pa mlatho, mu mchenga woumawo, munamveka madzi akuthamanga... kenaka zii.

Mmene anathamangira sanadziwe. Anangozindikira akumenya chitseko cha Hellen ndi zibakera zonse ziwiri. Namwinoyo anatsegula atanyamula nyale, chitenje chili paphewa.

"Ba Wilfred, ni njovu?"

Anapukusa mutu. Hellen anamukhazika pa mpando, namupatsa madzi. Chikwama chinkadontha pansi. Hellen anayang'ana madonthowo, nayang'ana iye.

"Jackson," Wilfred anatero mpweya utabwerera. "Uja ankasamalira makina pasukulu. Akhala kuti masiku ano?"

Hellen anaika nyale pa tebulo pang'onopang'ono.

"Mwamuona pati?"

"Pa mlatho. Tayenda limodzi kuchokera kusukulu."

"Wamtali? Wa jekete la mvula?"

"Ee."

Namwinoyo anakhala pansi pa benchi, nagwira pakamwa. Kunja agalu anali chete.

"Ba Wilfred, Jackson tinamuika zaka zinayi zapitazo. Mtsinje uja unamutenga mu Febuluwale, usiku. Anamupeza patapita masiku awiri, m'mabango, kutali uko kumunsi. Ndine ninamusambitsa. Mlatho mwaolokawo anaumanga chaka chotsatira."

 M'maganizo Wilfred ankaona mpando wake wa ku Lusaka, kapu ya tiyi pambali, mvula ikumenya zenera. Ankadziona akutambasula manja mzere utasintha, akuyasamula, akuzimitsa magetsi. Nthawi imeneyo munthu anali ataima m'mphepete mwa madzi akuda, akuganiza zobwerera kwa mkazi wake. Zaka zinayi. Masiku onsewo ankadziwa kutentha kwa nodi iliyonse, malo otsala pa disiki iliyonse, mphindi imene iliyonse inazima. Za munthu amene ankaiyatsa sanafunsepo.

"Ku ofesi kwanu sanakuuzeni?" Hellen anafunsa.

"Mwina analemba. Ine sindinawerenge."

"Anasiya mkazi, Damaris, na ana awiri. Akhala kuseri kwa tchalitchi apa. Wamng'ono anabadwa bambo ake atapita kale." Hellen anapumira m'mwamba. "Chimene chimamupweteka Damaris mpaka lero ni foni. Akuti usiku uja anali atagona kale. Foni inalira katatu. Kawiri Jackson anakana, kachitatu anadzuka nkuvala majombo. Damaris anamugwira mkono pakhomo, iye anati, 'Nikapanda kupita, nchito yatha.' Foniyo inapita na madzi. Damaris wafunsa aphunzitsi, wafunsa ku boma, wafunsa aliyense wobwera na laputopu, kuti anaimba ndani. Akuti safuna mlandu. Afuna chabe amve kuti chinali chiyani chachikulu chonchi, chosadikira kucha."

Misozi inatsika pa masaya a Wilfred, ndipo sanaipukute.

"Panalibe chachikulu," anatero.

Hellen anamuyang'anitsitsa.

"Mwati bwanji?"

"Chikanadikira. Ngakhale mwezi chikanadikira." Wilfred anaika kapu ya madzi pa tebulo. "Kukacha mundiperekeze kwa Damaris, ba Hellen. Ndekha sindingafike. Anaimba foni ija ndine."