Mitsempha ya Kummero kwa Laurindo

Nkhondo itatha, banja la a Simão linachoka ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi n'kubwerera kwawo ku Mongue. Anapeza nyumba itagwa, mpapaya utamera pomwe panali chipinda chogona. Sanakhale pansi kulira. A Simão anayamba kuumba njerwa, akazi awo mayi Armanda anaswa mphanje, ndipo Loweruka lililonse banja lonse linkapita kukathandiza kumanganso tchalitchi chomwe chinapsa. Pakhomopo khasu silinkagwiridwa anthu asanapemphere.

Mwana wawo wamwamuna anali Laurindo, mnyamata wa chifuwa chotambalala, wosadziwa kutopa. Chimanga chitacha bwino, bambo ake anamugulira njinga kuti azinyamula matumba a amalonda kupita nawo kumalire a Milange. Anzake akamanga matumba awiri, iye ankamanga atatu, n'kukwera chitunda akuimba.

Pafupi ndi malirepo panali baraka, kanyumba komweramo mowa ka Cândido, bambo wa mawu okoma amene ankagulitsa kachasu.

"Mano, thukuta lonseli ukalibweze ndi madzi apachitsime?" anatero Cândido tsiku lina, akumutchula m'bale m'Chipwitikizi, uku akumupatsa kapu. "Mwamuna wonyamula matumba atatu amafunika moto m'thupi. Lawa, lero sulipira."

Laurindo analawa. Kukhosi kunawotcha, miyendo inapepuka. Mawa lake anabweranso yekha.

Posakhalitsa a Simão anamva fungo la kachasu pa mwana wawo.

"Mwanangu, tinabwera kudzamanga, iwe wayamba kugumula. Usiye zimenezi."

"Ababa, ine ndinawoloka Ruo mfuti zikulira kumbuyo. Ndinadya nandolo wofumbwa wa kumsasa, osafa. Kabotolo kangandichite chiyani?"

"Mfuti imalira, umaimva n'kuthawa. Ichi chimakudya chili chete."

Laurindo anaseka, n'kukankha njinga yake.

Makolo anaganiza kuti banja limukhazika pansi. Laurindo anakwatira Rosália, mtsikana wa m'kwaya, ndipo anabereka mwana wamkazi, Arlete. Koma kapu ija inasanduka botolo, botolo linasanduka chigubu. Ku Misa anasiya. Nyumba yomwe anayamba kumangira mkazi wake inaima pa mawindo, udzu n'kumera m'kati. Zaka zinapita. Maso ake anayamba chikasu, mimba inatupa, miyendo inalemera. Matumba atatu aja anatsika kufika pa limodzi.

"Bambo a Arlete, tiyeni kuchipatala," ankatero Rosália.

"Mimba yaikulu ndi ya mabwana. Undisiye."

Tsiku lina masana, akukweza thumba panjinga pamalire, anamva nseru. Anawerama. Chimene chinatuluka sichinali chakudya ayi, anali magazi, ambiri, ena oundana ngati chiwindi cha mbuzi. Anthu anabalalika. Anagwa pomwepo, thumba n'kumugwera pamwendo.

Ku chipatala cha Milange anamuika diripu ndi kumuwonjezera magazi mpaka anatsitsimuka. Namwino anaitana a Simão ndi Rosália.

"Magaziwa akuchokera m'mitsempha ya kummero. Pali chida chomangira mitsemphayo, koma kuno tilibe. Quelimane ndi kutali, msewu ungamutsirize. Blantyre ndiye pafupi. Muwoloke naye."

A Simão anagulitsa mbuzi zawo zonse. Anawolokanso malire omwe aja amene anawoloka pothawa nkhondo, tsopano atanyamula mwana wawo wamkulu ngati khanda.

Ku chipatala chachikulu cha ku Blantyre, dokotala anali mayi wachikulire wolankhula mosazungulira. Atamupima anakhala pambali pa bedi.

"Bambo, chiwindi chanu chauma. Likodzo lomwe munatenga mumtsinje muli mwana linayamba kuchiwononga, mowa wadzatsiriza. Magazi akulephera kudutsamo bwino, ndiye akufunafuna njira ina. Adzaza mitsempha ya kummero kwanu mpaka yatupa, ndipo umodzi unaphulika. Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimanyamula katundu panjinga."

"Ndiye malegeni mumawadziwa. Tilowetsa kapaipi kokhala ndi diso kudzera pakamwa. Tikaona mtsempha wotupa, tiukoka pang'ono n'kuumanga ndi kamphira. Uuma wokha n'kuthothoka."

M'mawa mwake Laurindo sanadye kanthu. Anamugoneka chammbali, anamupopera mankhwala owawa kukhosi, n'kumulumitsa kachipangizo koteteza mano. Kapaipi katalowa, Laurindo anafuna kudzuka, koma anamwino anamugwira mapewa. Misozi inkangotuluka yokha. Kwa nthawi yoyamba chikulireni anachita mantha, ndipo mumtima anati, "Ambuye, ndikatuluka muno..." Sanamalize. Kapaipi kanatuluka, mantha nawo anatuluka.

Pomutulutsa, dokotala anamuyang'ana m'maso.

"Mitsempha ina tamanga, ina yatsala. Mubwerenso mwezi wamawa, kenako mudzabwerenso, mpaka yonse itatha. Mapiritsiwa muzimwa tsiku lililonse. Koma mowa, ngakhale dontho, ayi. Timphirati tagwira mitsempha, chiwindi sitinachichize. Mukamwanso, ina idzatupa."

"Mwamanga, si choncho? Basi zatha," anayankha Laurindo.

"Sizinathe, bambo. Ndi moyo wanu umene tikunena."

Kumudzi mayi Armanda ankamuphikira phala losalala, Rosália ankamuwerengera mapiritsi m'manja. Mphamvu zinayamba kubwerera. Tsiku lobwerera ku Blantyre litakwana, a Simão anavala jekete lawo m'mamawa n'kuima pakhomo.

"Tiye, galimoto ingatisiye."

"Sindipita. Munthu ali bwinobwino azikamezanso paipi? Ine si mwana woti azindigwira mapewa."

"Mbuzi zija sindikuzilira, Laurindo. Ndikulira iwe."

"Mundilire ndikafa. Panopa ndili moyo."

Anatenga njinga n'kulunjika kumalire. Cândido anamulandira ndi manja awiri.

"Taonani mwamuna! Wasanza magazi, wakafika ku Blantyre, wabwera akupalasa yekha. Mano, iwe imfa imakuopa."

"Akuti ndisamwenso."

"Madokotala amatero kwa aliyense. Anakumanga ndi mphira, eti? Mphira imaola? Tenga kakang'ono, kotsukira kukhosi."

Laurindo anayang'ana kapu ija kanthawi. Anakumbukira kapaipi. Kenako anaona anzake onse akumuyang'ana, akudikira. Anakweza kapu n'kugugudiza, ndipo baraka yonse inaomba m'manja.

Rosália atamva, anayenda wapansi mpaka kukapeza galimoto, Arlete ali kumsana. Analowa m'baraka, malo amene sanapondemo chibadwire, n'kulanda kapu m'manja mwa mwamuna wake. Anaikhuthulira pansi.

"Inu a Cândido, magazi a munthuyu ndinachapa ndine. Inu munali kuti? Mukamupatsanso, mudzabwere ndi khasu mudzakumbe nawo manda."

"Mayi, ine sindikakamiza munthu," anatero Cândido.

Laurindo anaimirira, manyazi atasanduka ukali.

"Iwe, pita kunyumba! Khosi ndi langa, chiwindi ndi changa. Cândido, thira ina!"

Rosália anatuluka akulira. Kuyambira tsikulo mapiritsi anangokhala pawindo, ndipo ku Blantyre sikunatchulidwenso.

Mvula isanagwe chaka chomwecho, Laurindo akuchokera ku msika dzuwa lili paliwombo, anamva nseru ija. Anaidziwa. Anatsika panjinga, anagwira mtengo, n'kudziuza kuti ndi ndulu chabe. Magazi anatuluka kuposa poyamba.

Amayi ochokera kumunda ndiwo anamupeza. Anathamanga kukaitana a Simão ndi Rosália. Ku Milange anamuikanso diripu, koma magazi sanaleke, ndipo anamwino anawauza kuti athamange naye ku Blantyre. Anawoloka malire, anakwera minibasi pa Muloza. Laurindo anagoneka mutu pamiyendo ya bambo ake. Pawindo ankaona minda ya tiyi ikudutsa, yobiriwira, kenako ikuda pang'onopang'ono. Ankamva kuzizira.

"Ababa, Blantyre ili patali?"

"Tifika, mwanangu. Limba."

"Muwauze adokotala aja kuti ndabwera. Paipi ija ndimeza. Sindivutanso."

"Ukawauza wekha."

"Rosália, undikhululukire. Ababa, pempherani, ine mawu ndaiwala."

A Simão anayamba Atate Athu, ndipo anthu a m'minibasi, osamudziwa n'komwe, anatsatira. Laurindo anayesa kugwedeza milomo. Asanadutse boma la Mulanje, a Simão anamutseka maso, n'kupempha dalaivala kuti aime.

Anamuika ku Mongue, kuseri kwa tchalitchi. Arlete anakula akumudziwa bambo ake m'nkhani za anthu basi.

Inu achinyamata, mverani. Laurindo sanafe chifukwa chosowa chithandizo. Mulungu anamupatsa makolo omuchenjeza, mkazi womumenyera nkhondo, ndi madokotala odziwa ntchito yawo. Anamupatsanso mwayi wachiwiri, umene ambiri saupeza. Chinamupha ndi mowa ndi kuuma mutu. Dokotala angathe kumanga mtsempha wophulika, koma dzanja lako lonyamula kapu sangalimange. Ukachenjezedwa, leka lero, usanafike polapa mpweya ukutha.