Zigamba za M'mawondo

Amwalimu Hubert, mphunzitsi wa mishoni, sankachedwa kugwada. Ankagwada popereka moni kwa nkhalamba, ankagwada popepesa, ankagwada ngakhale polandira chikho cha madzi. Akhristu a ku Benga ankati mtsogoleri wodzichepetsa chotere sanamuonepo. Mathalauza awo onse ankayamba kutha m'mawondo, ndipo wosoka zigamba anali Rute, mkazi wa mwana wawo Lyford, amene anabwera pakhomopo chitengwa kuchokera kwa Malengachanzi.

Lyford atabwerako ku ntchito ku Halale anayamba kugonera ku mtsinje wa Bua, ati ku usodzi. Tsiku lina Rute anamutsatira ndi ufa pamutu. Anapeza mkazi wina, dzina lake Laila, akuchapa malaya a Lyford, mimba ili patsogolo. Rute sanalire. Anatula ufawo nabwerera.

Kwa wina aliyense sanapite. Anagwada chapatali ndi khonde, monga achitira mpongozi, nauza amwalimu zonse, poti mpingo wa pamenepo unali m'manja mwawo.

"Mwachita bwino kubwera kwa ine, apongozi," anatero amwalimu. "Dzichepetseni, musauze munthu. Nkhaniyi ndiisenza ine."

Rute anamvera. Anangoleka kugona mphasa imodzi ndi Lyford.

Kenaka wansembe wachizungu anafika pa njinga kuchokera ku boma kudzapereka Mgonero. Mwambo wake unali wakuti Loweruka mwalimu azitchula kwa wansembe mayina a olakwa, ndipo otchulidwawo ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, osalandira. Lamulungu m'mawa Rute akulowa m'tchalitchi, atabereka mwana wake Mariamu, a Maliko, mkulu wa mpingo, anamutsekereza.

"Amayi, malo anu ndi apa. Akuti mukuwakaniza amuna anu kumphasa."

Rute anakhala. Amayi anzake ankacheuka, ena kutsinana. Anaona Lyford akupita kutsogolo, atapinda manja, nalandira. Anaona amwalimu akudzuka pamene anagwada, zigamba zimene anasoka zija zili mbuu ndi fumbi. Mumtima munalibe kanthu, ngati mwendo umene waugonera.

Kunyumba apongozi ake aakazi, a Ester, ndiwo anayamba.

"Musatiyang'ane choncho, make Mariamu! Wansembe akamva za mitala, Lyford amudula mumpingo, bambo ake awachotsa ntchito. Nyumba ino ndi ya mishoni. Tikagone kuti?"

"Ndiye munasankha ine."

"Inu ndi miyezi yochepa chabe, mubwerera kutsogolo. Mkazi amapirira!"

Amwalimu anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Anagwada pafumbi pamaso pa Rute, misozi ikutsika mpaka m'ndevu.

"Apongozi, ndakugwirani mwendo. Wansembe anandifunsa chimene chavuta m'banja mwanu. Sindinaname. Ndinangonena theka."

"Dzukani, muthetsa thalauza."

"Ndikhululukireni, mwana wanga."

"Pano palibe akukuonani," anatero Rute, mawu ake osakwera. "Wansembe sananyamuke, akudya kuseri kwa tchalitchi. Kagwadeni kumeneko, mukanene theka linalo. Mukatero ndikhala, ndipo kumbuyo kuja tikakhalira limodzi."

Amwalimu sanadzuke. Lyford, amene anali pansi pa mtengo wa mango, anatola nkhafi yake nalowera kunyanja osacheuka. Patapita kanthawi belu la njinga ya wansembe linalira pamsewu, ana akuithamangira. Amwalimu anazyolika mpaka phokosolo linatha.

"Mwana wa eni wouma mtima iwe!" anakuwa a Ester akulira. "Munthu wamkulu, mtsogoleri wa mpingo, wakugwadira!" Analowa m'nyumba namenyetsa chitseko, dothi la pakhoma kuchita kuyoyoka.

Rute analowa m'nyumba yake. Anayala nsalu yake ya biliwita pansi, naikapo malaya a Mariamu, mbale ziwiri zimene anabwera nazo, ndi buku lake la nyimbo. Kwawo mpunga unali utacha, manja okolola akufunika.

Pampando panali thalauza lina la amwalimu, chigamba chosokedwa mbali imodzi, singano ikadali pomwepo. Rute anaizula, naduladula ulusi ndi mano, naibaya pamphepete pa mpango wake. Thalauzalo analipinda bwinobwino, bowo lili pamwamba, nakaliika pakhonde pa eni ake.

Kenaka anamanga mtolo wake mfundo ziwiri, nauimika pakhomo.