Tsamba Ligone Chopingasa

Noreen Pelletier anatuluka mu ofesi ya khonsolo tauni yonse itagona kale. Chinamuchedwetsa ndi tebulo la milatho. Oyendera milatho analitumiza lotambalala ngati mphasa, madanga mbwee, ndipo iye anayenera kulilowetsa mu lipoti loti makhansala awerenge m'mawa posankha milatho yoti itsekedwe mtsinje usanasungunuke. Bwana wake, a Dwight Sorley, anali atanenetsa kuti safuna timalemba tating'ono, poti makhansalawo ndi nkhalamba zoiwala magalasi kunyumba. Tsamba lopendeketsa munthu khosi powerenga, nalonso ayi.

Noreen analimbana nalo mpaka maso kuwawa. Akapanikiza madanga, manambala sankaoneka. Akawatambasula, tebulo linkasefukira kunja kwa tsamba. Pomaliza zinamukwana. Danga lomaliza, la ndemanga za oyendera, analisiya lilendewere kunja komweko, kumene pulinta siifika. Ndemanga amawerenga ndani? Anasindikiza, nasanja mapepala m'chipinda cha msonkhano, nazimitsa magetsi.

Panja galimoto inakana kulira, batire itafa ndi chisanu. Anaitukwana pang'ono, nakweza kolala, nauyamba wapansi. Njira yachidule inali ya pa mlatho wa Tamarack, womwe basi ya sukulu ya mwana wake Colette inkawoloka m'mawa uliwonse.

Nyumba zinatha. Magetsi a mumsewu nawo anatha. Kunangotsala chipale cholira pansi pa nsapato zake, ndi mpweya wake wotuluka ngati utsi. Atafika pakati pa mlatho anamva madzi akudontha.

Tho... tho... tho...

Madzi? Usiku woti ngakhale mtsinje unali gwa?

Anatukula maso. Patsogolo pake panaima bambo wovala jekete la anthu okonza misewu ndi chipewa chofiira chophimba makutu. M'dzanja anali ndi tochi yosayaka, akuigwedeza uku ndi uku monga amachitira woimitsa magalimoto. Zovala zake zinali zonyowa chonyowereratu.

Noreen anamupatsa moni, namufunsa ngati wachita ngozi.

"Mwalidula, mayi," anatero bamboyo motsitsa.

"Ndadula chiyani, bambo?"

"Lakumapeto lija. Nthawi zonse mumadula lakumapeto."

Noreen anabwerera m'mbuyo pang'ono. Mu ofesi muja anali yekha. Makatani anali otseka. Munthuyu anaona bwanji?

Bamboyo anatambasula dzanja, chikhatho chili choimirira. Kenaka analitembenuza pang'onopang'ono mpaka linagona.

"Tsamba ligone chopingasa. Zonse zikwana."

Apa ndi pamene Noreen anaona chinthu chachilendo. Pakamwa pa bamboyo sipankatuluka utsi. Mpang'ono pomwe! Anayang'ana pansi. Chipale chinali chosalala mbali zonse, mapazi a Noreen okha ndiwo ankaoneka.

"Ana awoloka mawa?" anafunsa bamboyo.

Pansi pa mlatho china chake chinalira. Kweee... Chitsulo chinanjenjemera kumapazi kwake. Noreen anagwira chotchingira, natseka maso. Atawatsegula...

Zii!

Panalibe munthu. Panangotsala kadziwe kakang'ono ka madzi, kakuundana iye akuona.

Sanawoloke. Anatembenuka nathamanga, kugwa, kudzuka, mpaka ku ofesi. Makiyi anamupulumuka kawiri pakhomo. Anayatsa kompyuta zala zili zouma, napatula tsamba la tebulo lija kuti likhale palokha, naligoneka chopingasa. Tebulo lonse linalowa bwinobwino, malemba osachepa n'komwe, ndipo danga lomaliza linatulukira. Anatsika nalo ndi chala mpaka pa mzere wa Tamarack. Woyendera analemba kuti nsanamira yapakati yang'ambika, mlathowo utsekedwe nthawi yomweyo, basi kapena lole isayerekeze kudutsapo.

Noreen analira. Analira ndi mantha, komanso ndi manyazi, poganiza kuti Colette amakonda kukhala mpando wakutsogolo.

Noreen atawaimbira foni, a Dwight anafika atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera, akung'ung'udza kuti munthu sadzutsidwa pakati pa usiku chifukwa cha pepala. Ataona tsamba logonalo anayamba kukalipa kuti ananena kale za khosi. Noreen anangowalozera danga lija. A Dwight anawerenga, natenga foni kudzutsa anyamata a misewu kuti akatseke mlathowo mbali zonse kusanache, ndi kuuza a sukulu kuti basi izungulire njira yakumtunda.

Atatha, anamufunsa chimene chinamubweza ku ofesi. Noreen anafotokoza zonse: jekete, tochi yosayaka, chipewa chofiira, madzi odontha. A Dwight anafufuza mpando ndi dzanja nakhala pansi.

Anati munthuyo ndi Orval Stenberg, amene kale ankayendera milatho ya khonsoloyo. Chaka china analemba m'danga lomaliza kuti mlatho wakale wa pamalo omwewo utsekedwe, koma lipoti linatuluka danga lija litadukira kunja kwa tsamba, ndipo makhansala sanaone kanthu. Ataona kuti palibe akutseka, Orval anapita yekha usiku ndi tochi kukabweza magalimoto. Anabweza onse. Mlathowo unagwa iye ali yekha pamwamba.

"Koma bwana, ndalankhula naye," anatero Noreen. "Wandifunsa za ana."

A Dwight anayang'ana tsamba lija.

"Noreen, Orval tinamuvuula mumtsinje uja iwe uli ku pulayimale. Bokosi lake ndinanyamula nawo ine."