Tsiku Limene Mlezi Adakhala Chete

Mlezi adali makina aang'ono ngati sopo wosambira, omwe mayi ankavala pachifuwa mimba ikangokwana miyezi itatu. Ankamvetsera mtima wa mwana, kuyeza magazi a mayi, komanso kuimbira mwanayo ali m'mimba momwemo. Akabadwa, Mlezi ankalangiza kagwiridwe ka bere, nawerenga dontho lililonse limene khanda lameza. Pofika chaka cha 2094, sikelo idali itatsekedwa ku Mponela. Ndani akadayendanso mtunda kukamva za kuyamwitsa mwakathithi, mphunzitsi ali pachifuwa pomwepa?

Ndaziona atabereka mwana wake woyamba, zonse zinkayenda myaa. Koma patsiku lachisanu ndi chinayi mphezi idagwetsa nsanja ya netiweki, Mlezi n'kungoti zii. Khanda lidakana bere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, milomo n'kuyamba kuuma.

Mwamuna wake adathamangira kumsika kukatenga Mayi Nakhoviwa, namwino wopuma amene tsopano ankagulitsa tomato. Mayiwo adafika akutsimphina, nasamba m'manja mpaka m'zigongono monga ankachitira kale.

"Mkaka ulipo, mabere achita kuuma gwa," adatero atamuona. "Tamuyankhulani mwanayu."

"Ndinene chiyani, amayi?" Ndaziona adafunsa.

"Iii, mwana wanga! Kuyankhula ndi mwana wako mpaka ukafunse?"

Adayesa. "Khala chete, bambo, yamwa." Khanda lidadzidzimuka ngati lagwidwa ndi mlendo, kulira n'kuwonjezeka. Ndaziona naye adagwetsa misozi.

Mayi Nakhoviwa adamva chisoni, nakhala pansi pamkeka. Adaika dzanja kumsana kwa Ndaziona, nakankhira mwana kumimba kwa mayi wake. "Masiku athu tinkadzaza khonde la chipatala Lachiwiri lililonse," adatero. "Azimayi makumi asanu, zitenje mbuu, kuwomba m'manja, kuimba za bere. Wina akalakwitsa kunyamula, anzake ankamuseka kenako n'kumukonza. Ana ankabadwa akudziwa kale phokoso la amayi awo. Ndimawasowa masiku amenewo, sindinama. Imbani chilichonse, ngakhale ya kutchalitchi."

Ndaziona adaimba ndi mawu osasa pang'ono ngati chitseko chakale. Adaimba nthawi yaitali. Dzuwa litapendeka, khanda lidayasamula kukamwa, n'kugwira bere lonse, chibwano chitaligunda. Kumeza kwake kunkamveka ndi pakhomo pomwe. Mwamuna uja adatuluka panja kukapukuta m'maso.

Apo mpamene netiweki idabwerera. Mlezi adathwanima patebulo pomwe Ndaziona adamusiya, nayankhula ndi mawu ake okoma aja: "Takulandiraninso. Tiyeni tiyamwitse."

Khanda lidasiya bere pomwepo. Lidatembenuza mutu kufunafuna mawuwo, mkaka ukutsika patsaya, nkhope ili phee ngati ya mwana amene mayi wake wabwera kuchokera kuulendo.

Ndaziona adayang'ana makinawo, nayang'ana mwana. Kenako adatambasula dzanja n'kuwazimitsa, ndipo kulira kudayambiranso.

"Alire," adatero, akumubwezera kubere. "Azolowera."

Mimba adaisenza yekha miyezi isanu ndi inayi, koma umayi adayamba kuuphunzira tsiku limenelo.